Kuphunzira optometry mutamaliza kale digiri yoyamba

Ambiri amene amafuna kulowa optometry, ntchito yoyeza ndi kusamalira maso, ali ndi digiri yoyamba kale amayamba ndi kufunsa kuti yunivesite yotchuka ndi iti. Funso limenelo libwere pambuyo. Loyamba likhale ili: mukufuna kudzagwira ntchito m'dziko liti, nanga bungwe lopereka chilolezo kumeneko limavomereza digiri yanji? Digiri ndi chilolezo ndi zinthu ziwiri. Yunivesite imakupatsani pepala, koma amene amakulolani kudontheza mankhwala m'diso la munthu ndi bungwe lina, ndipo ilo silifunsa kuti fizi munalipira zingati.

Msampha uli pa maina a madigiri. Mukafufuza pa intaneti mupeza ma MSc ambirimbiri, ena a clinical optometry, ena a vision science, a chaka chimodzi kapena ziwiri. Ochuluka mwa iwo anakonzedwera anthu amene ndi ma optometrist kale ndipo akufuna kuzama, kapena ofuna kuchita kafukufuku. Munthu wa digiri ya bayoloje akhoza kumaliza MSc yotereyi, ngakhale kupitiriza mpaka PhD, koma osaloledwa kulembera aliyense magalasi. Musanalipire ndalama yofunsira malo, fufuzani ngati pulogalamuyo ili pa mndandanda wa maphunziro ovomerezeka wa bungwe lolembetsa ma optometrist. Ngati palibepo, mawu okoma a pa tsamba la yunivesite sakuthandizani.

Tigwirizanenso za ntchito yake. Optometrist amayeza mmene maso akuonera, amalemba magalasi ndi ma contact lens (malenzi ovala padiso penipeni), amafufuza matenda a m'diso, ndipo m'maiko ambiri amachiza ena mwa matendawo ndi mankhwala. Amasiyana ndi ophthalmologist, yemwe anamaliza kaye udokotala wonse asanaphunzire za maso, ndipo ndiye amachita maopaleshoni monga a ng'ala. Amasiyananso ndi optician, amene amadula ndi kuika magalasi motsatira zomwe wina walemba. Ngati mtima wanu uli pa opaleshoni, njira ino si yanu.

Kumene njirayi imapezeka

Kulowa ndi digiri yoyamba ndi njira yokhazikika ku United States. Digiri yake ndi Doctor of Optometry, mwachidule OD, ya zaka zinayi, ndipo masukulu amavomerezedwa ndi Accreditation Council on Optometric Education. Ku Canada kuli University of Waterloo yophunzitsa m'Chingerezi ndi Université de Montréal yophunzitsa m'Chifalansa. Waterloo imafuna zaka zosachepera zitatu za sayansi za kuyunivesite musanalowe. Ku Australia, University of Melbourne ili ndi OD ya zaka zinayi ndipo University of Western Australia ili ndi ya zaka zitatu, zonse za anthu amene ali ndi digiri kale. Dzina lakuti doctor lisakusokonezeni, kumeneko digiriyi ili pa mlingo wa masters.

Ku United Kingdom zinthu zimayenda mwina. Ophunzira ambiri amalowa kuchokera kusekondale. Ku England ankaphunzira zaka zitatu, kenako n'kugwira ntchito moyang'aniridwa pafupifupi chaka asanalembetsedwe ndi General Optical Council. Kuyambira 2023 masukulu akhala akusinthira ku masters ya zaka zinayi, yomwe ntchito yoyang'aniridwayo ili mkati momwemo. Masters imeneyo si digiri yachiwiri kwenikweni, ndipo wokhala ndi digiri ina kale nthawi zambiri amayambira chaka choyamba pamodzi ndi anzake onse.

Polowera

Masukulu a ku United States sasamala kwambiri kuti digiri yanu yoyamba inali ya chiyani. Wa mbiri yakale kapena wa nyimbo akhoza kulowa. Chomwe amayang'ana ndi maphunziro enieni amene munadutsamo: bayoloje, kemisitiri wamba ndi organic chemistry, fizikisi, microbiology, calculus, statistics ndi psychology, ndipo ambiri amawonjezera anatomy, physiology ndi biochemistry. Anthu amagwa pa tinthu ting'onoting'ono. Fizikisi munaichita koma yopanda labu. Kemisitiri munaichita kalekale, ndipo sukuluyo ili ndi malire a zaka. Digiri yanu ndi ya kunja, ndiye iyenera kuunikidwa kaye ndi bungwe lofananitsa madigiri, zomwe zimatenga masabata. Mndandandawu umasiyana sukulu ndi sukulu, choncho werengani wa sukulu iliyonse payokha.

Mayeso olowera ndi Optometry Admission Test, OAT. Ali ndi zigawo zinayi: sayansi, momwe muli bayoloje ndi kemisitiri ziwirizo, kuwerenga ndi kumvetsa, fizikisi, ndi masamu. Malikisi amayambira pa 200 kufika 400. Masukulu ena tsopano amalandiranso mayeso ena monga GRE kapena MCAT. Mafomu amadutsa pa OptomCAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu ku masukuluwa, yomwe imatsegulidwa pakati pa chaka, ndipo masukulu ambiri amadzaza malo pamene mafomu akubwera, osadikira tsiku lotseka. Wotumiza mochedwa amapikisana pa mipando yochepa ngakhale malikisi ake ali abwino.

Amafunanso kuti mukhale mutaonererapo optometrist akugwira ntchito. Ambiri amachita izi pongofuna siginecha, ndipo amadzinamiza okha. Ntchitoyi ndi ya m'kachipinda kamdima, tsiku lonse, nkhope yanu ili pafupi kwambiri ndi nkhope ya munthu amene simukumudziwa, mukufunsa funso limodzimodzi kambirimbiri. Ena amaikonda, ena imawatopetsa msanga, ndipo ndi bwino kudziwa mbali yomwe muli musanatenge ngongole ya zaka zinayi. Kayezetseninso maso anu. Zida zambiri zimafuna kuti maso anu awiri azigwira ntchito pamodzi kuti muone kuya kwa chinthu, ndipo amene ali ndi diso limodzi lofooka ayenera kukambirana ndi sukuluyo msanga.

Chaka choyamba: masamu amene ambiri sanawayembekezere

Obwera ndi digiri ya bayoloje amakhala akatswiri oloweza, ndipo anatomy ya diso, mitsempha ya m'mutu ndi physiology siziwavuta kwambiri. Chimawagwetsa ndi optics, phunziro la mmene kuwala kumapindikira. Masamu ake si ozama, ndi algebra ndi trigonometry pang'ono, koma salola kuloweza. Mphamvu ya lenzi imayezedwa mu dioptre, chidule chake D, ndipo imapezeka pogawa 1 ndi mtunda, mu mamita, umene lenziyo imasonkhanitsira kuwala. Lenzi ya +2.00 D imasonkhanitsa kuwala pa masentimita 50. Diso lonse lili ndi mphamvu pafupifupi 60 D, ndipo pafupifupi 43 D mwa imeneyo ili pa cornea, khungu loonekera lakutsogolo, osati pa lenzi yamkati monga ambiri amaganizira. Diso la munthu wamkulu limatalika pafupifupi mamilimita 24, ndipo likatalikirako milimita imodzi yokha munthuyo amafuna magalasi a pafupifupi -2.50 mpaka -3.00 D kuti aone patali.

Cholakwika chofala ndi chizindikiro: plus ndi lenzi yosonkhanitsa kuwala, minus ndi yomwaza kuwala. Kusokoneza plus ndi minus pamzere umodzi kumasandutsa yankho lonse, ndipo kuchipatala kumatanthauza kupatsa wosaona patali magalasi omuonjezera vuto. Chachiwiri ndi kuiwala kusintha mamilimita kukhala mamita kapena masentimita.

Nazi zitsanzo ziwiri zomwe mudzakumana nazo moyo wanu wonse. Magalasi amakhala pafupifupi mamilimita 12 kutsogolo kwa diso, pomwe contact lens imakhala padiso penipeni. Munthu wovala -10.00 D m'magalasi amafuna pafupifupi -9.00 D mu contact lens. Yankho lenileni la masamu ndi -8.93. Pansi pa 4.00 D kusiyanaku n'kochepa moti mutha kukusiya, koma pamwamba pake muyenera kuwerengera. China ndi lamulo la Prentice: pakati pa lenzi pakaphonya pakati pa diso, lenziyo imakhala ngati prism, galasi lopatutsira kuwala kumbali, ndipo mphamvu yake ndi kuphonyako mu masentimita kuchulukitsa ndi mphamvu ya lenzi. Kuphonya mamilimita 5 pa lenzi ya 6.00 D kumabweretsa ma prism dioptre 3. Wodwala amabwerera akudandaula mutu ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, pomwe nambala zomwe munalemba zinali zolondola. Wophunzira amene sanamvetse Prentice amayezanso maso kuyambira pachiyambi, n'kusintha nambala zomwe zinalibe vuto.

Manja

Apa mpamene maphunzirowa amasiyana ndi digiri ina iliyonse yomwe munachita. Kuyambira chaka choyamba mpaka chachiwiri mumaphunzira kugwira zida, ndipo mumaphunzirira pa maso a anzanu, iwonso pa anu. Konzekerani kudonthezedwa mankhwala ndi kuwalitsidwa m'maso pafupipafupi. Masukulu ambiri amafunanso kuti mugule zida zanu: retinoscope (nyali yoyezera mphamvu ya diso), ophthalmoscope (nyali yoonera mkati mwa diso), bokosi la malenzi oyezera ndi fulemu yake, ndi malenzi oonera mkati mwa diso. Ikani zimenezi pa bajeti.

Retinoscopy, kuyeza diso ndi retinoscope, ndiyo imayamba kuchepetsa anthu. Mumawalitsa kamzere ka kuwala m'diso n'kumayang'ana mmene kuwala kobwerera kukuyendera m'kamwana ka diso. Kukamayenda mbali yomwe mukuyendetsera dzanja, onjezani plus. Kukamayenda motsutsana, onjezani minus. Mumapitiriza mpaka kamwana konse kadzaze ndi kuwala kosayenda. Kenako mumachotsera mtunda womwe mwakhala: pa masentimita 67 chotsani 1.50 D, pa masentimita 50 chotsani 2.00 D. Mukapeza +2.50 muli pa 67, diso limenelo ndi +1.00. Vuto ndi lakuti wophunzira akamavutika kuona amasendera kutsogolo osadziwa. Amayamba pa 67, n'kumalizira pa 50, koma n'kuchotsabe 1.50, ndipo yankho limapitirira ndi 0.50 D kumbali ya plus. Aphunzitsi ena amamangirira chingwe cha muyezo pa retinoscope mpaka dzanja lizolowere. Wodwala aziyang'ana chinthu chakutali, osati nyali yanu, ndipo poyeza diso lake lamanja gwiritsani ntchito diso lanu lamanja kuti mutu wanu usamutchinge. Masabata oyamba simudzaona kanthu koma kuwala kofiira kosamveka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena amati luso limeneli latha ntchito chifukwa kuli makina oyeza okha, koma makinawo amalephera pa khanda, pa munthu wosatha kukhazikika, ndi pa diso la ng'ala, ndipo kuwala kong'ambika ngati sizasi kumakuchenjezani za keratoconus, matenda osongola cornea, makina asananene kanthu.

Pambuyo pake pamabwera kufunsa wodwala kuti lenzi yabwino ndi iti, yoyamba kapena yachiwiri. Apa cholakwika chachikulu ndi kupereka minus wochuluka. Diso la wachinyamata lili ndi minofu yosintha mphamvu ya lenzi yamkati, ndipo mukaonjezera minus wosafunika minofuyo imalimbana naye. Zilembo zimaoneka zazing'ono ndi zakuda kwambiri, ndipo wodwala amati zili bwinoko. Mukamumvera mumamupatsa magalasi omutopetsa maso tsiku lonse. Lamulo ndi ili: -0.25 aliyense amene mukuonjezera abweretse zilembo zatsopano zowerengeka. Ngati sakubweretsa, mubwezeni. N'chifukwa chake timayamba ndi kuika plus wochuluka dala kuti zinthu zisaoneke bwino, minofu ipume, kenako n'kumachotsa pang'onopang'ono. Tchati chofiira ndi chobiriwira chimathandiza kutsimikiza: zilembo zikamveka bwino pofiira, minus akuchepa, zikamveka bwino pobiriwira, wachuluka.

Kwa ana minofu imeneyi ndi yamphamvu zedi. Njira ya Hofstetter, yowerengera mphamvu ya minofuyi, imati mphamvu yochepetsetsa yoyembekezeka ndi 15 kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a zaka za munthu. Mwana wa zaka 10 ali ndi 12.50 D kapena kuposa, ndiye akhoza kubisa +4.00 D yonse n'kuwerenga tchati mpaka pansi. Kuti muone zoona mumadontheza cyclopentolate wa 1%, mankhwala opumitsa minofuyo, n'kudikira mphindi 30 mpaka 40, ndipo maso akuda kwambiri amachedwerapo. Wophunzira wothamanga amene wayeza patangotha mphindi 15 amapeza nambala yomwe si yoona. Izi n'zofunika chifukwa plus wobisika amachititsa diso kupotokera mkati ndi kukhala laulesi, losaphunzira kuona bwino, ndipo diso laulesi limachira bwino likapezeka mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8. Njira yomweyo ikufotokozanso za wa zaka 48: watsala ndi 3.00 D, kuwerenga pa masentimita 40 kumafuna 2.50 D, ndipo palibe amene angagwiritse ntchito pafupifupi mphamvu yake yonse kwa ola lathunthu osatopa.

Kuyeza pulesha ya m'diso ndi chida cha Goldmann ndiko kumanjenjemeretsa manja, chifukwa mumakhudza diso lenileni. Mumadontheza mankhwala ochititsa dzanzi ndi utoto wa fluorescein, mumayatsa kuwala kwabuluu pa slit lamp, makina oonera diso mokulitsa, ndipo kansonga ka chidacho kamaphwatalitsa cornea malo a mamilimita 3.06 m'mimba mwake. Mumaona timizere tiwiri tobiriwira tokhota, n'kumapotoza kagudumu mpaka m'mphepete mwamkati mwa timizereto mukhudzane. Anthu ambiri amakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg, muyezo wa pulesha. Utoto ukachuluka timizere timanenepa ndipo nambala imakwera, ukachepa imatsika. Chala chanu chikakanikiza diso potukula chikope, m'malo mopanikizira chikopecho ku fupa la pamwamba, nambala imakwera. Wodwala akagwira mpweya, imakweranso. Cornea yokhuthala kuposa ma micron pafupifupi 540 (mamilimita 0.54) imaonetsa nambala yokwera, yopyapyala imaonetsa yotsika, ndiye munthu amene anachitidwa LASIK, opaleshoni ya laser yomwe imasiya cornea yopyapyala, akhoza kukhala ndi pulesha yokwera chida chikunena kuti ali bwino. Ndipo glaucoma, matenda oononga mtsempha wa diso, imapezeka ngakhale pa pulesha ya 16. Amene amaweruza ndi nambala yokha, osayang'ana mtsempha wa diso ndi kuyeza mbali zomwe munthu akuona, adzaphonya odwala.

Kuona mkati mwa diso kumayamba ndi kukulitsa kamwana ka diso, nthawi zambiri ndi tropicamide wa 1%, mwina pamodzi ndi phenylephrine wa 2.5%, ndipo kumatenga mphindi 20 mpaka 30. Dongosolo lake lisasokonezedwe. Yezani kaye mmene timwana ta maso tikuyankhira kuwala, chifukwa mukadontheza mwataya mwayiwo kwa maola angapo. Onani kaye pa slit lamp ngati ngodya yomwe madzi a m'diso amatulukira ili yotseguka, chifukwa pa diso la ngodya yopapatiza mankhwalawa akhoza kuitseka, pulesha n'kukwera kupitirira 50, munthu n'kumva ululu ndi kusanza. Muuzeninso wodwala kuti kwa maola 4 mpaka 6 kuwala kumuvutitsa ndipo asayendetse galimoto asanayambe kuona bwino. Kenako mumavala nyali kumutu n'kugwira lenzi ya 20 D kutsogolo kwa diso. Chithunzi chimabwera chozondoka komanso chotembenuka kumanja ndi kumanzere. Wodwala akayang'ana kumwamba mukuonadi mbali yakumwamba ya retina, khungu lolandira kuwala kumbuyo kwa diso, koma mkati mwa chithunzicho zonse n'zotembenuka. Ophunzira ambiri amajambula chibowo cha retina pamalo olakwika, ndipo dokotala amene mwamutumizira amakafufuza kumene kulibe. Njira yakale yothandiza ndi kuzondotsa pepala lojambulapo, n'kujambula monga mukuonera.

Mayeso a maluso amenewa amachitika mphunzitsi akuyang'ana, nthawi ikuwerengedwa. Masukulu ambiri amakulepheretsani pomwepo mukachita chinthu choika wodwala pachiswe, monga kusasamba m'manja kapena kusapukuta kansonga ka Goldmann, ngakhale zina zonse mutakhoza. Kuwerenga usiku wonse sikuthandiza pano. Mphindi 30 tsiku lililonse m'labu zimaposa maola asanu a tsiku limodzi mayeso atayandikira.

Odwala enieni

Chaka chachitatu mumayamba kuona odwala m'kiliniki ya sukulu, mphunzitsi akuunikanso zonse zomwe mwapeza. Ntchito yomwe wozolowera amaimaliza m'mphindi 30, inu idzakutengerani pafupifupi maola awiri, ndipo chifukwa chake si manja okha. Wophunzira amachita mayeso onse amene anaphunzira, motsatana, chifukwa sanadziwe kusankha. Chaka chachinayi pafupifupi chonse mumakhala kunja, miyezi ingapo pamalo amodzi kenako kwina: zipatala, makiliniki a ana, a contact lens, a anthu oona pang'ono. Ku United States ambiri amadutsanso m'zipatala za asilikali opuma, kumene matenda a shuga ndi glaucoma ndi a tsiku ndi tsiku.

Chomwe aphunzitsi amafuna kuona pa nthawiyi ndi chakuti mukudziwa pamene vuto si la magalasi. Kachida kotchipa kwambiri m'chipindamo, kachibowo kakang'ono koyang'aniramo, kamayankha funso limeneli: munthu akaona bwinoko kudzera pa kabowoko, magalasi amuthandiza, akapanda kusintha, fufuzani matenda. Wodwala shuga amene nambala zake zasintha mwadzidzidzi musamulembere magalasi, chifukwa shuga akakwera lenzi yamkati imasintha mphamvu, ndipo akatsika magalasiwo adzakhala opanda ntchito. Agogo amene akusangalala kuti ayambanso kuwerenga opanda magalasi nthawi zambiri ng'ala yayamba. Woona kuwala kothwanima, timadontho takuda tambiri tatsopano, kapena chinsalu chotchinga mbali imodzi, aonedwe mkati mwa diso tsiku lomwelo, chifukwa retina ikhoza kukhala ikumatuka. Wovala contact lens amene diso lafiira ndipo likuwawa muzimuganizira zilonda za tizilombo mpaka mutatsimikiza kuti si zimenezo. Tizilombo ta Pseudomonas timatha kuononga cornea m'masiku awiri, ndipo ta Acanthamoeba timabwera ndi madzi a pampopi otsukira malenzi. Diso lofiira musalidonthezere steroid musanaike fluorescein, chifukwa ngati pali chilonda cha herpes chooneka ngati nthambi, steroid amachikulitsa.

Zina zimene mudzapeza si za diso n'komwe. Mitsempha ya maso onse awiri ikatupa, pulesha ya m'mutu ikhoza kukhala itakwera. Munthu wosaona mbali zakunja za maso onse awiri akhoza kukhala ndi chotupa pa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo. Wokalamba amene diso lazima mwadzidzidzi, mutu ukuwawa chammbali ndipo nsagwada zimatopa akamatafuna, akufunika chithandizo tsiku lomwelo diso linalo lisanazimenso. Apa mpamene anatomy ya mitsempha ya chaka choyamba imabwerera, ndipo amene anailoweza pongofuna kukhoza amayambiranso. Wophunzira wabwino si amene amadziwa dzina la matenda alionse, koma amene amalemba kalata yotumiza wodwala yomveka: chomwe wapeza, diso liti, kuyambira liti, ndipo aonedwe mwachangu motani.

Chilolezo

Ku United States mayeso a National Board of Examiners in Optometry ali ndi magawo atatu. Loyamba, la sayansi yoyambira, ambiri amalemba m'chaka chachitatu, ndipo ndi lomwe limaopedwa chifukwa limabweza optics ndi zonse za zaka ziwiri zoyambirira pa nthawi yomwe muli kale otanganidwa ndi odwala. Lachiwiri ndi la kuunika ndi kusamalira odwala. Lachitatu ndi lochita ndi manja, ndipo limachitikira pamalo oyesera a bungwelo. Mukakhoza, chilolezo chimaperekedwa ndi boma la chigawo chilichonse, ndipo zomwe mukuloledwa kuchita zimasiyana. Ku Oklahoma, Kentucky ndi Louisiana optometrist amaloledwa kuchita ntchito zina za laser, pomwe m'zigawo zina saloledwa. Ku Canada kuli mayeso a Optometry Examining Board of Canada, kenako mumalembetsa m'chigawo chomwe mukagwire ntchito. Ku Australia mumalembetsa ku Optometry Board of Australia, ndipo maphunziro amavomerezedwa ndi Optometry Council of Australia and New Zealand, bungwe lomwenso limayesa ophunzira kunja. Ku United Kingdom kulemba mankhwala mwa inu nokha nthawi zambiri ndi maphunziro owonjezera pambuyo polembetsedwa.

Chilolezo sichiwoloka malire chokha. Optometrist wophunzira kunja amene akufuna kugwira ntchito ku United States nthawi zambiri amayenera kupeza OD ya sukulu yovomerezeka kumeneko. Masukulu ena ali ndi njira yachidule ya anthu otere. New England College of Optometry ku Boston ili nayo, komanso ili ndi ina yofulumira ya amene ali ndi PhD ya sayansi kapena digiri ya udokotala. Malo ake ndi ochepa, ndipo kufupika kwake kukutanthauza kuti maphunziro omwewo apanikizidwa m'nthawi yochepa, tchuthi chili chochepanso.

Pambuyo pa OD pali residency, ntchito yophunzirira mozama ya chaka chimodzi, yosakakamiza, m'magawo monga matenda a m'diso, ana, cornea ndi contact lens, kapena oona pang'ono. Malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi ntchito wamba, ndiye amene ali ndi ngongole yaikulu amaiganizira kawiri. Kwa wofuna kukagwira ntchito m'sitolo ya magalasi kapena kutsegula kiliniki yakeyake, si yofunika kwenikweni. Kwa wofuna chipatala chachikulu kapena kudzaphunzitsa kusukulu ya optometry, malo ambiri amaifuna, ndipo mafomu ake amatumizidwa m'chaka chachinayi, nthawi yomweyo imene mukusamukasamuka pakati pa makiliniki ndi kukonzekera mayeso a chilolezo. Makalata okuchitirani umboni amachokera kwa amene anakuyang'anirani m'makiliniki oyambirira a chakacho, choncho ngati mukudziwa kale gawo lomwe mukufuna, pemphani kuti kiliniki ya gawo limenelo ikhale yoyamba kapena yachiwiri pa ndondomeko yanu, osati yomaliza.